Kusankha airbrush yoyambira yopentera mamodelo muli ku Salima

Aliyense amene anamangapo kandege kapulasitiki ka sikelo ya 1/72 kapena kagalimoto ka 1/24 n'kukapenta ndi bulashi amalidziwa vuto lake. Ubweya wa bulashi umasiya mizere, penti imakwirira timizere ndi timisomali timene opanga anajambula pathupi la modelo, ndipo yoyera kapena yachikasu sigwira mpaka mutapaka katatu kapena kanayi. Airbrush, kachida kam'manja kopopera penti ndi mpweya, imathetsa zimenezi chifukwa imamwaza penti m'timadontho tosaoneka ndi maso, moti mumayala penti yopyapyala kwambiri koma yofanana paliponse.

Malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu amene singano ya mkati mwa airbrush ikawapindikira lero, mawa yatsopano yafika pakhomo. Kuno sizili choncho. Musayembekezere kupeza singano ya airbrush m'mahadiweya a pa Kamuzu Road, ndipo ngakhale mutakwera minibasi ya ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M14, mukhoza kubwerako chimanjamanja. Katundu wotere amachita kuitanitsidwa ku South Africa, ku China kapena ku Ulaya, ndipo amatenga masabata. Choncho posankha, funso loyamba lisakhale loti ndi iti imalemba mzere woonda kwambiri. Funsani kuti ikaonongeka mudzatani, komanso mpweya muziutenga kuti.

Kabatani ndi kapu

Pabokosi mudzaona polembedwa single action kapena double action. Pa single action, kabatani kali ndi ntchito imodzi: mukakasindikiza, mpweya ndi penti zimatulukira limodzi, ndipo kuchuluka kwa penti mumakhala mutachuniratu pozungulitsa kasikuluwu. Pa double action, kusindikiza kumatulutsa mpweya wokha, kukokera kumbuyo ndiye kumabweza singano kuti penti iyambe kutuluka. Mukakoka pang'ono mzere umaonda, mukakoka kwambiri umakula.

Ena amati woyamba kumene ayambire single action chifukwa ndi yosavuta. Ife sitigwirizana nazo kwenikweni. Chala chimazolowera double action m'masiku ochepa, ndipo ukaifuna pambuyo pake ndiye kuti ugula kawiri. Kupenta mawangamawanga a ndege zankhondo, kudetsa pang'ono m'mbali mwa zitseko, kuika utsi kumbuyo kwa ekizozi, zonsezi zimafuna kuti muzisintha penti dzanja likuyenda.

Komabe single action ili ndi malo ake. Paasche H ndi Badger 350 zimasakanizira penti ndi mpweya kunja kwa mlomo, osati mkati. Timadontho take timakulirapo, koma sizitsekekatsekeka, zimalola penti yolimbirapo, ndipo kutsuka kwake n'kwa mphindi ziwiri. Kwa munthu wosema timagalimoto, tindege kapena sitima ya Ilala ndi mtengo, monga amachitira amisiri a ziboliboli ku Senga Bay, amene ntchito yake yaikulu ndi kuyala mtundu umodzi ndi vanishi pamalo aakulu, imeneyi ndi yokwanira ndipo idzakhalitsa kuposa zina zonse.

Za kapu yothiramo penti n'zachidule. Ya kapu pamwamba, imene amati gravity feed, penti imatsika yokha, choncho imagwira ntchito ndi mpweya wochepa, 15 mpaka 20 psi (muyezo wa mphamvu ya mpweya), ndipo mukhoza kuthira madontho asanu okha n'kupenta mpando wa woyendetsa ndege. Ya botolo pansi imachita kuyamwa penti ndi kapaipi, imafuna 25 mpaka 30 psi, ndipo penti yambiri imatsalira m'botolo ndi m'kapaipiko. Kabotolo ka penti ya Tamiya kamakhala ka 10 ml kapena 23 ml, katini ka Humbrol ka 14 ml, ndipo zonse zimachokera kunja. Penti yotero si yotayira m'kapaipi. Tengani ya kapu pamwamba, ya 7 ml mpaka 10 ml, yokhala ndi chivundikiro.

Nozzle ndi singano, pamene pagona nkhani

Nozzle ndi kamlomo kakang'ono kumapeto kwa airbrush kamene nsonga ya singano imatseka. Kukula kwa bowo lake ndiye nambala imene mumaona: 0.2, 0.3, 0.35, 0.4 kapena 0.5 mm. Oyamba ambiri amathamangira 0.2 poganiza kuti modelo yaing'ono imafuna bowo laling'ono. Kumeneko ndi kudziputira mavuto. Bowo la 0.2 limatsekeka ndi kambulumbulu kalikonse ka penti, sililola primer (penti yoyamba kuyala pansi) kapena penti ya siliva kudutsa bwino, ndipo singano yake ndi yosongoka kwambiri moti kungoigunditsa pachala yapindika. M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pamene kuno kunyanja kumapitirira madigiri 30, penti ya madzi imaumira pansonga ya singano yotere musanamalize phiko limodzi.

Pakati pa 0.3 ndi 0.4 mm ndi pamene pali poyambira pabwino. Mukasungunula bwino penti, kutsitsa mpweya ndi kuyandikitsa dzanja, 0.35 imalemba mzere wa milimita imodzi, komanso imatha kuyala thupi lonse la thanki yankhondo ya 1/35 osatopa nayo. Ya 0.5 ndi ya amene ntchito yawo yambiri ndi magalimoto a 1/24, sitima zikuluzikulu ndi vanishi. Poyerekeza, mfuti yopopera ya amisiri openta magalimoto enieni nthawi zambiri imakhala ndi bowo la pafupifupi 1.3 mm kapena kuposa, n'chifukwa chake singagwire ntchito pamodelo.

Chimene ogulitsa satchula kawirikawiri ndi mmene nozzle imamangidwira. Pali mitundu iwiri. Woyamba ndi wa mazinga: kanozzle kakang'ono kwambiri, kovuta kukagwira ndi zala, kamene mumamanga ndi kasipanala kobwera m'bokosi. Mazinga ake ndi opyapyala. Mukangolimbitsa mopitirira pang'ono, kamaduka, theka n'kutsalira mkati mwa airbrush. Kakagwa pansi pa simenti kamathanso kusowa osapezekanso. Wachiwiri ndi wongolowetsa: nozzle yaikulu yooneka ngati kafanulo, yopanda mazinga, imene imakhala m'malo mwake n'kupanikizidwa ndi chivundikiro chakutsogolo. Mumaichotsa ndi zala, mumaitsuka mukuiona, ndipo palibe choduka. Kwa munthu amene akuphunzira kumasula ndi kumanga, ali kutali ndi kogula zosinthira, kusiyana kumeneku n'kofunika kuposa dzina la kampani.

Zimene zili pamsika

Zotsika mtengo kwambiri ndi za ku China monga Fengda BD-130, zimene zimagulitsidwanso ndi mayina ena ambirimbiri koma chinthu chake n'chimodzimodzi. Zimakhala double action, kapu pamwamba, nozzle ya 0.3 ya mazinga, ndipo mabokosi ena amabwera ndi singano zitatu, 0.2, 0.3 ndi 0.5. Ndalama ya airbrush imodzi ya ku Japan ya Iwata Eclipse mukhoza kugulira zoterezi zisanu kapena kuposa. Vuto lake ndi loti sizifanana. Ina imapopa bwino kuyambira tsiku loyamba, ina nozzle yake imakhala yopendekera mbali, singano yokhakhala, kabatani kogwiragwira. Timphira tamkati nthawi zambiri ndi ta labala wamba, timene timafufuma tikakumana ndi thina yamphamvu. Choipa chenicheni kwa wophunzira n'chakuti penti ikamalavulira sudziwa ngati walakwitsa ndi iwe kapena chida. Mukasankha njira imeneyi, gulani ziwiri nthawi imodzi, pamodzi ndi singano ndi ma nozzle apadera. Singano yokhakhala imasalala mukaizungulitsa mofatsa pa sandipepa yonyowa ya 2000, kenako n'kuipukuta ndi polishi ya zitsulo.

Pakatikati pali Iwata Neo CN ya 0.35 mm, imene imabwera ndi makapu awiri osinthana, ndi Sparmax Max-3 ya ku Taiwan ya 0.3 mm. Zonse ziwiri zimapopa mosalala ndipo zosinthira zake zili ndi manambala odziwika, kotero mukaitanitsa mumalandira chokwana. Nozzle zake ndi za mazinga, ndiye dzanja likhale lofewa pomanga. Procon Boy PS-289 ya kampani ya GSI Creos ya ku Japan, ya 0.3 mm ndi kapu ya 10 ml, imamwaza penti bwino kwambiri poyerekeza ndi mtengo wake, ndipo ili ndi kasikuluwu pansi pa kapu kochepetsera mpweya pomwepo. Nayonso nozzle yake ndi yaing'ono, ya mazinga.

Za nozzle yongolowetsa zodziwika bwino ndi zitatu. Badger Patriot 105 ya ku America imabwera ndi 0.5 mm, ndi yolimba, siikana penti yolimbirapo, ndipo zosinthira zake sizidula. Dziwani kuti mazinga ake olumikizira paipi ndi osiyana ndi a ena onse: ma airbrush ambiri ndi makompulesa (makina opopa mpweya) ang'onoang'ono amagwiritsa ntchito mazinga otchedwa 1/8 BSP, pamene Badger ndi Paasche iliyonse ili ndi mazinga akeake. Mukaiwala kuitanitsa kolumikizira kake, airbrush idzafika koma idzangokhala m'bokosi mwezi wina. Harder & Steenbeck Ultra ya ku Germany imamasulidwa yonse popanda sipanala, ndipo nozzle yake imakhala ndi kamphira ka Teflon kosaopa thina. Onetsetsani nambala ya bowo, chifukwa zakale zinkabwera ndi 0.2 pamene za 2024 zili ndi 0.45 mm. Iwata Eclipse HP-CS ya 0.35 mm ndi kapu ya 7 ml ndiye yodula pa zitatuzi, koma ndi imene simudzafunanso kuisintha ngakhale luso litakula.

Ngati thumba likulola, Eclipse kapena Ultra ya 0.45. Ngati mumapenta zikuluzikulu ndipo simukonda zonyengerera chida, Patriot. Ngati ndalama ndi yochepa, za ku China ziwiri, ndipo yotsalayo ipite ku kompulesa, chifukwa airbrush yotchipa pampweya wabwino imapenta bwino kuposa yodula pampweya wodukaduka.

Mpweya

Timakompulesa ta batire totchajira pa USB, timene timamangidwa pansi pa airbrush penipeni, timakopa chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. N'tabwino pokongoletsa makeke ndi zikhadabo. Pamodelo timavuta: tambiri tilibe pochunira mphamvu ya mpweya, mphamvuyo imatsika batire ikamatha, ndipo kulemera kwake kumapendeketsa dzanja. Zitini za mpweya wogula n'zosathandizanso. Zimazizira mukamapopa, mphamvu n'kugwa, zimatha msanga, ndipo onyamula katundu pandege amazikana.

Chimene ambiri amayambira ndi kompulesa yaing'ono yopanda oyilo ya mtundu wa AS-186. Ili ndi thanki ya malita 3, imadzizimitsa yokha ikafika pafupifupi 4 bar n'kuyambanso ikatsika kufika pa 3 bar, ndipo imabwera ndi geji, chochunira mphamvu ndi kagalasi kotchera madzi. Inzake yopanda thanki, AS-18, ndi yotsikirapo mtengo, koma injini yake imalira nthawi yonse imene mukupopa, imatentha msanga, mpweya wake umatuluka mogundagunda ndipo wofunda, umene umasanduka madzi m'paipi. Onjezerani ndalama mutenge ya thanki. Geji ikakhala ya bar, kumbukirani kuti 1 bar ndi pafupifupi 14.5 psi, ndipo muzichuna mutasindikiza kabatani, chifukwa muvi wa geji umatsika mpweya ukayamba kutuluka.

Werengani kapepala ka magetsi musanalipire. Kuno timagwiritsa ntchito 230 V pa 50 Hz, choncho palembedwe 220 mpaka 240 V. Za msika wa ku America ndi za 110 mpaka 120 V, ndipo mukazilowetsa pasoketi yathu zimapsa. Pulagi yozungulira ya ku South Africa kapena ku Ulaya si vuto, mumangosintha n'kuika yathu ya mano atatu.

Thanki ya malita 3 musaiwerengere pa nthawi imene magetsi azima. Mpweya wake umatha pafupifupi m'mphindi imodzi yopopa mosalekeza. Injini ya kompulesa yotere imadya pafupifupi mawati 150, koma poyamba kuzungulira imakoka ochuluka, ndiye pa sola pamafunika inveta ya mawati 500 kapena kuposa. Njira ina ndi kompulesa yaikulu ya m'galaja ya malita 24 kapena 50. Phokoso lake ndi lalikulu, koma mukaidzaza kufika 8 bar magetsi alipo, ya malita 24 imakupatsani mphindi khumi kapena kuposerapo zosindikiza kabatani, zimene zimakwana kupenta kandege konse popeza simupopa mosalekeza. Pamafunika chochunira chotsitsa mphamvu kufika 20 psi, sefa yochotsa madzi ndi oyilo, ndi cholumikizira chochoka pa 1/4 kupita pa 1/8. Tayala la galimoto lili pa limu yake, lopopedwa bwino, limagwiranso ntchito kwa mphindi zochepa ngati muli ndi cholumikizira cha pa vavu. Zoti mupange kompulesa ndi injini ya firiji ndi silinda yakale, popanda vavu yotulutsa mpweya ukachuluka, zisiyeni. Silinda yodzimbirira mkati ikaphulika imapha.

Madzi ndi mdani wamkulu kuno. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mpweya wa m'mbali mwa nyanja umakhala wachinyezi kwambiri, ndipo ukapanikizidwa n'kuzizira m'paipi umasanduka madontho. Dontho limodzi likatuluka pakati popenta limasiya chipsera chozungulira. Tsegulani kasikuluwu ka pansi pa thanki mukamaliza ntchito tsiku lililonse, finyani kagalasi kotchera madzi, ndipo gulani kasefa kena kakang'ono komanga pansi pa airbrush penipeni.

Penti ndi nyengo

Penti yopita mu airbrush izikhala yamadzimadzi ngati mkaka: mukaikhudzitsa m'mbali mwa kapu itsike msanga n'kusiya mtundu wopyapyala. Ya Tamiya ya acrylic ya X ndi XF yambani ndi muyezo umodzi wa penti pa umodzi wa thina yake ya X-20A, kukatentha muonjezere thina kufika miyezo iwiri. Enamel ya Humbrol kapena Revell imasungunuka ndi white spirit, imauma mochedwa, ndipo chifukwa cha chimenecho siumira pasingano, koma idikireni maola 24 musanaikepo tepi. Vallejo Model Air ndi yosungunuliratu, koma musaithire spiriti chifukwa imaundana n'kutseka nozzle. Lacquer monga Mr. Color imauma msanga ndipo imalimba, koma pachinyezi imatha kuyera mbuu pamwamba. Sakanizirani m'kabotolo kapadera pogwiritsa ntchito sirinji yopanda singano, ndipo penti yokhalitsa muisefe ndi kansalu ka sitokini.

Thina ya m'hadiweya, ija ya openta magalimoto, imatsuka bwino zitsulo za airbrush koma imasungunula pulasitiki ya modelo ndi kufufumitsa timphira ta labala. Mtengo umamwa penti, choncho modelo yosema iyambe yapakidwa sanding sealer, mankhwala otseka timabowo ta mtengo, kawiri n'kukwechedwa ndi sandipepa ya 400.

M'miyezi yotentha pentani m'mamawa kapena madzulo. Nthawi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, fumbi ndi mchenga zimalowa paliponse, ndipo ku Nkhotakota mphepo ikabweretsa nkhungu za m'nyanja, tizilomboti timathamangira babu n'kumatirira pa penti yaiwisi. Poperani m'katoni yaikulu yogoneka chammbali, mukatha muvundikire modelo ndi beseni loyera. Zenera likhale lotsegula, mbaula ndi kandulo zikhale kutali, ndipo pa enamel ndi lacquer valani masiki ya mafyuluta olembedwa A1P2 kapena A2P2. Yansalu siitchinga nthunzi ya thina.

Ikavuta, yang'anani apa

Dongosolo la chala ndi ili: sindikizani mpweya, kokani penti, bwezani penti, kenako siyani mpweya. Mukasiya mpweya penti isanatsekedwe, kadontho kamatsalira pansonga n'kudzalavulidwa pamodelo mukasindikizanso. Dzanja likhale masentimita 8 mpaka 12 kuchokera pamodelo poyala, ndi 2 kapena 3 polemba mzere woonda pa 12 psi. Phunzirirani pa masipuni apulasitiki ndi mabotolo a madzi, osati pa kandege kamene mwadikira miyezi iwiri.

Penti ikatuluka yokhakhala ngati mchenga, ndiye kuti ikuumira m'malere: mwatalikira, mpweya wachuluka kapena thina yachepa. Ikamayenderera n'kumwazikira m'mbali timiyendomiyendo, mwayandikira kwambiri kapena yasungunuka mopitirira. Ikamalavulira, onani nsonga ya singano, mupukute penti youma ndi kabulashi konyowetsa mu thina. M'kapu mukamatuluka thovu, mpweya ukubwerera: chivundikiro chakutsogolo sichinamangike, nozzle yatsekeka kapena yang'ambika. Kaphula ka njuchi kopaka pamazinga kamatseka pothawira mpweya. Penti ikamatuluka mutangosindikiza osakoka, singano siinafike kumapeto kapena nozzle yakula bowo chifukwa choikankha mwamphamvu. Mukakoka koma osatuluka kanthu, kanati kogwira singano kumbuyo kamasuka. Ikamapopera mbali imodzi, singano yapindika. Igubuduzeni pagalasi muone, ndipo musaikoke kudutsa mu nozzle ili yopindika chifukwa ing'amba.

Posintha mtundu, khuthulani yotsala, pukutani kapu, thiranimo chotsukira, tsekani kutsogolo ndi chala n'kukoka pang'ono kuti chibwatamuke m'kapu, tayani, ndipo bwerezani mpaka chituluke choyera. Pomaliza tsiku chotsani singano, muipukute kuchokera kumbuyo kupita kunsonga, ndipo poibwezera ingokhudzani nozzle osakankha. Musaviike airbrush yonse mu thina, chifukwa kamphira ka vavu ya mpweya kamafufuma kabatani n'kumakakamira. Mankhwala otsukira mawindo okhala ndi ammonia amadya chitsulo cha mkati mwa kapu. Oyilo ya makina kapena mafuta ophikira asayandikire singano, amasiya timaenje pa penti.

Poitanitsa, ikani zonse m'katundu mmodzi kuti mulipire ulendo ndi msonkho wa MRA kamodzi: airbrush, singano ziwiri zapadera ndi nozzle imodzi za nambala yomweyo, timphira tosinthira, paipi yoluka ya mamita awiri ya 1/8 mbali zonse, cholumikizira ngati mwatenga Badger kapena Paasche, kasefa ka madzi, timabulashi totsukira ndi masiki. Penti ya lacquer, enamel ndi thina zimayaka moto ndipo onyamula katundu pandege ambiri sazilandira, ndiye funsani wotumiza musanalipire, kapena zidzere pamsewu kuchokera ku Johannesburg.